Ulendo wa tsiku limodzi ku Zanzibar, ndi njira imene inkachokera ku Nkhotakota

 Lero nkhani yathu ili pa chilumba cha Zanzibar. Ambirife chilumbachi timachidziwira pa Instagram: mchenga woyera ngati ufa, madzi obiriwira, mnzathu wa ku sekondale atavala chipewa chachikulu, kokonati ili m'manja. Kwa ife okhala ku South Africa ndege yake ndi ya maola ochepa chabe, ndipo holide ikamayandikira magulu a WhatsApp amadzaza ndi zotsatsa malonda za ulendowu.

Mukafika ku hotela, pa desiki yolandirira alendo amakupatsani kapepala ka maulendo okaona malo. Pafupifupi hotela iliyonse kapepala kake ndi kofanana. M'mawa basi yaing'ono imakutengani kupita ku munda wa zonunkhiritsa zakudya. Masana gaidi amakuyendetsani m'tinjira ta Stone Town, tauni yakale ija, mpaka pa malo amene panali msika wa akapolo. Kenako amakupatsani ola limodzi kapena awiri oti mugule zinthu. Amene ali ndi mphamvu amakwera boti kukaona akamba akuluakulu pa kachilumba ka Changuu, kamene alendo amakadziwa kuti Prison Island, ndipo madzulo aliyense amathera pa Forodhani kudya nsomba zootcha. Ine ndi akazi anga tinayenda ulendo womwewu, ndipo gaidi wathu anali munthu waulemu, woidziwa ntchito yake. Za iye ndilibe dandaulo.

Nkhani yanga ili pa kadulidwe ka ulendowu. Ku munda mumaseka, ku msika wa akapolo mumakhala chete kwa theka la ola, ku mashopu mumanenerera mitengo, ndipo mumabwerera ku hotela mukuganiza kuti mwaona zinthu zitatu zosiyana. Koma m'zaka za m'ma 1800 zitatuzi zinali bizinesi imodzi. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo chimene anatiphunzitsa koyambirira n'chakuti intaneti ikavuta mu ofesi, usamangoyang'ana pa sikirini: tsatira waya mpaka upeze kumene walumikizidwa. Waya wa Zanzibar ukamutsatira, nsonga yake ina umakaipeza pa doko la Nkhotakota.

Tiyambe ndi ku munda. N'kosangalatsa ndithu, musakuphonye. Mnyamata amathyola tsamba, kulifikisa m'manja, n'kukufunsani kuti mulote dzina lake. Amakanda khungwa la mtengo, fungo la sinamoni n'kutuluka. Amakuonetsani vanila, tsabola wakuda akuyanga pa mtengo ngati chilazi, jinja, ndi kachipatso kofiira kamene amayi amapaka pa milomo n'kujambulitsa. Wina amakwera mtengo wa kokonati akuimba, wina akukulukirani chipewa ndi tayi ya masamba. Pomaliza pali tebulo la timapaketi togulitsa. Komatu dziwani kuti minda imeneyi ndi yachionetsero. Anaibzala mbewu pang'onopang'ono zamitundumitundu kuti mlendo aone zonse pa ola limodzi. Munda umene unalemeretsa Zanzibar unali wa mbewu imodzi yokha, mitengo mizeremizere mpaka kumene maso alekeza. Mbewuyo pa Chiswahili amati karafuu, pa Chingerezi clove, timitu touma tija tonga timisomali timene amathira mu pilawu.

Karafuu kwawo si ku Africa. Kwawo ndi ku zilumba za Maluku, ku Indonesia wa lero, kumene Adatchi ankamulondera ngati golide kuti wina aliyense asabzale. Mfalansa wina dzina lake Pierre Poivre anazembetsa mbande cha m'ma 1770 n'kupita nazo ku Mauritius, ndipo kuchokera ku zilumba za Afalansa zimenezo mbewuyi inafika ku Zanzibar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Amene anaona kuti muli ndalama anali Seyyid Said, wolamulira wa Oman. Anatsegula minda yakeyake, analimbikitsa Aluya anzake kuti abzale, ndipo pofika 1840 anali atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar. Taganizani: mfumu kusiya dziko lake la ku Arabia n'kudzakhala pa chilumba cha ku Africa chifukwa cha malonda.

Vuto la karafuu ndi manja. Timitu take timathyoledwa timodzitimodzi tisanachite maluwa, munthu atakwera mu mtengo, kenako kutichotsa ku timapesi ndi kutiyanika pa mphasa masiku angapo. Mukachedwa pang'ono, zokolola zaonongeka. Ndiye pankafunika anthu ambirimbiri, ndipo eni minda sankafuna kulipira aliyense. Apa pali chinthu chimene wolemba mbiri wa ku Zanzibar komweko, Abdul Sheriff, anachifotokoza bwino m'buku lake la mu 1987 lotchedwa Slaves, Spices and Ivory in Zanzibar. Angerezi anakakamiza Seyyid Said kusayina mapangano, lina mu 1822, lina mu 1845, oletsa kugulitsa akapolo kunja, poyamba kwa azungu, kenako ku Arabia. Mapanganowo sanathetse malondawo. Anangowatembenuza. Anthu amene akanatumizidwa kutsidya kwa nyanja anayamba kutsala pa chilumba pomwepo, otchipa, n'kulowetsedwa m'minda. Zanzibar inasiya kukhala pongodutsira akapolo, n'kusanduka malo owagwiritsa ntchito.

Nanga anthuwa ankachokera kuti? Ena ankachokera mkati mwa Tanzania wa lero, ena ku Congo. Koma gulu lalikulu kwambiri linkabwera kudzera pa doko la Kilwa Kivinje, kumwera kwa Zanzibar, ndipo njira za ku Kilwa zinkathera ku nyanja yathu. Cha m'ma 1840 munthu wina wa ku gombe, Salim bin Abdallah, anafika ku Nkhotakota n'kupempha malo kwa mafumu a Achewa. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba. Anakhoma zombo zamatanga, zonga zomwe mumajambula dzuwa likamalowa ku Zanzibar zija, ndipo zinkaolotsa anthu ndi minyanga ya njovu kupita kutsidya la kum'mawa. Kuchoka apo unali ulendo wapansi wa miyezi ingapo, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa pa chingwe chimodzi. A Jumbe ankakweza mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar ndipo ankadzitenga ngati nduna zake. Kumwera kwa nyanja mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda ankatumiza magulu awo, Mataka nayenso cha kutsidya uko. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, anamuuza kuti anthu 19,000 ochokera ku dera la nyanja yathu lokha ankadutsa pa kasitomu ya chilumbachi chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anafika amoyo n'kulipiridwa msonkho. Otsala m'njira sanalowe m'buku la munthu.

Pano ndinene mosapsatira, chifukwa nkhaniyi tikamaikamba m'mabwalo athu a pa intaneti imafulumira kusanduka yolozana zala: akuti Aluya, akuti Ayao, akuti Asilamu. Jumbe sankayenda yekha m'midzi kugwira anthu. Mafumu a Achewa ankagulitsa anthu ogwidwa pa nkhondo ndi anthu operekedwa pa milandu. Angoni akathira nkhondo, ena mwa ogwidwawo ankathera kwa amalonda. Pa nthawi ya njala mabanja ankasinthanitsa mwana ndi chakudya. Ndalama zoyendetsera maulendowo zinkakongoledwa kwa amalonda a Chimwenye a ku Zanzibar, mfuti zinkachokera ku Ulaya, ndipo karafuu ankadyedwa ku India, ku Ulaya ndi ku America. Amene akufuna mtundu umodzi woti aunyoze, m'nkhani muno saupeza.

Tsopano masana, tili mu Stone Town. Tauniyi ndi yokongola, UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2000. Gaidi amakuonetsani zitseko zosemedwa zokhala ndi misomali yamkuwa, nyumba ya Tippu Tip amene anatchuka ndi malonda a minyanga ndi akapolo ku Congo, nyumba yaikulu ya Beit al Ajaib imene Sultan Barghash anamanga mu 1883 ndipo mbali yake ina inagwa mu December 2020, komanso malo okumbukira Freddie Mercury amene anabadwira kuno mu 1946. Pa Freddie Mercury ndi pamene mafoni amatuluka ambiri. Kenako mumafika ku Mkunazini.

Ku Mkunazini ndi kumene kunali msika womaliza wa akapolo. Unatsekedwa mu June 1873, Sultan Barghash atasayina pangano chifukwa Angerezi, kudzera mwa John Kirk, anamuopseza kuti atseka doko lake ndi sitima zankhondo. Kirk ameneyu ndi yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa mtsinje wa Shire, amene mapiri a Kirk Range a ku Ntcheu ndi Neno anatengera dzina. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho amishoni a Anglican anaika mwala wa maziko a tchalitchi pa malo a msikawo, ndipo Bishopu Edward Steere, amene anayang'anira ntchito yomangayo, anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ntchito ya Clara Sörnäs wa ku Sweden, ya mu 1998. Palinso chionetsero cha zithunzi ndi zolembedwa chimene ndikukupemphani kuti muwerenge modekha, ngakhale anzanu a m'basi akukodoleni.

Pali tizipinda tiwiri tapansi, tamdima, totsika denga, timene alendo amauzidwa kuti ndimo ankasungira akapolo podikira tsiku la msika. Anthu ambiri amalira m'menemo. Akatswiri ena a mbiri amatsutsa nkhaniyi, chifukwa nyumba imene ili pamwamba pa tizipindati inamangidwa ndi amishoni msika utatsekedwa kale. Ine maganizo anga ndi akuti tizipindati tikugwira ntchito imene munda wa m'mawa uja ukanagwira. Mlendo amafuna malo amodzi oti aloze kuti nkhanza zinachitikira apa, alire, atuluke. Koma pa msika munthu ankakhalapo masiku owerengeka. Moyo wake wonse wotsala ankathera m'munda wa karafuu, ndipo ku munda kuja palibe amene amakuuzani kuti mukhale chete.

M'tchalitchimo muli zinthu zathu zambiri zimene gaidi sangadziwe kuti zikukukhudzani pokhapokha mutamuuza kumene mwachokera. Ine nditanena kuti ndine wa ku Malawi, anangoti, "Aa, Mnyasa!" Dzina limeneli likadalipo pa Chiswahili mpaka lero. Pa chipilala china pali kamtanda kopangidwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873. Mmodzi mwa anthu amene ananyamula mtembo wake kuchoka kumeneko mpaka ku Bagamoyo anali James Chuma, Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata mu 1861, m'mapiri a kumwera kwa Malawi. Chuma pambuyo pake anagwira ntchito ndi Bishopu Steere, anatsogolera maulendo a Joseph Thomson, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882.

Ngakhale mishoni imene inamanga tchalitchichi inayambira kwathu. UMCA inakhazikika koyamba ku Magomero mu 1861. Bishopu Mackenzie atamwalira ndi malungo chaka chotsatira, njala ndi nkhondo zitavuta, wolowa m'malo mwake, Bishopu Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko anayamba kulera ana olanditsidwa m'zombo za akapolo. Anatsegula sukulu ya anyamata ku Kiungani ndi mudzi wa anthu omasulidwa ku Mbweni. Mu 1876 Steere anatenga gulu la anthu a ku Mbweni kuti awabwezere kwawo ku nyanja. Atafika pa Masasi, kumwera kwa Tanzania, anthuwo anatopa, anaona kuti nthaka ndi yabwino, n'kunena kuti tikhala pompano. Mishoni inadzafika pa Likoma mu 1885, ndipo aphunzitsi ake oyambirira ambiri anali anyamata a ku Kiungani. Kenako njira inatembenuka: ana a ku nyanja anayamba kupita ku Zanzibar ndi mabuku. Leonard Kamungu wa ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota pomwepo, anakaphunzira ku Kiungani, anadzozedwa unsembe mu 1909, n'kukamwalira ku Msoro, ku Zambia, mu 1913. Yohanna Abdallah, amene analemba buku la mbiri ya Ayao lija la Chiikala cha Wayao, nayenso anadutsa pa sukulu yomweyo. Inu a Anglican amene makolo anu amanyadira St Peter's ya pa Likoma, tchalitchi cha ku Mkunazini ndi mkulu wake.

Msika kutsekedwa sikuti ukapolo unatha, ayi. Chaka cha 1872 namondwe anagwetsa mitengo yambiri ya karafuu pa chilumba chachikulu cha Unguja, koma Pemba inapulumuka, ndipo eni minda a ku Pemba anafuna manja ochuluka kuposa kale. Anthu anapitiriza kuzembetsedwa usiku. Lamulo lothetsa ukapolo pa zilumbazi linabwera mu 1897, ndipo ngakhale pamenepo munthu ankayenera kupita yekha ku khoti kukapempha ufulu wake, mwini wake n'kulandira chipukutamisozi. Kwathu nako zinatenga nthawi yomweyo: Mlozi ananyongedwa ku Karonga mu December 1895, ndipo Jumbe womaliza wa ku Nkhotakota Angerezi anamuchotsa pa mpando m'zaka zomwezo n'kumuthamangitsira ku Zanzibar.

Za akamba a ku Changuu ndingodutsa. Anachokera ku Seychelles ngati mphatso mu 1919, ndipo ndende imene inapatsa kachilumbako dzina sinasungepo akaidi; inasanduka malo obindikiritsa odwala matenda opatsirana. Kajambuleni, ndi okongola.

Funso lina ndi lakuti, maulendo a alendowa anayamba bwanji? Zanzibar italandira ufulu mu December 1963, patangopita mwezi umodzi, pa 12 January 1964, kunabuka kuukira kumene kunachotsa Sultan. Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa, ena anathawa, kuphatikizapo banja la Freddie Mercury. Mkwiyo wa nthawi imeneyo mizu yake ina inali m'minda momwemo, pa nkhani ya mwini nthaka ndani, wothyola ndani. Magaidi ambiri pa nkhaniyi amadutsapo msanga, ndipo ndimawamvetsa: akukhalabe ndi anansi a mbali zonse ziwiri. Boma latsopano linagawa minda, linadzipatsa lokha mphamvu yogula karafuu kwa alimi, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri chilumbachi sichinkalandira alendo ambiri. M'ma 1980 mtengo wa karafuu unagwa pa msika wa dziko lonse, Indonesia itayamba kulima wokwanira mafakitale ake a fodya. Apo ndi pamene boma linatsegula zitseko kwa amahotela. Ndiye ulendo wa ku munda umene mumalipira lero unabadwa chifukwa mbewu yeniyeniyo inasiya kudyetsa anthu.

Tifike ku mashopu. Mu msewu wa Gizenga ndi tinjira toyandikana nawo mudzakumana ndi anyamata okukokerani ku shopu ya "m'bale wawo". Eni dera amawatcha mapapasi, ndiye kuti nkhufi. Dzinalo ndi lankhanza, poti ndi anyamata ofuna ganyu ngati abale athu a pa Bwalo la Njobvu. Katundu wambiri si wa pa chilumbapo. Zojambula za Tingatinga zinayambira ku Dar es Salaam, miyala ya tanzanite imakumbidwa kufupi ndi Arusha, ndipo ziboliboli zina mukhoza kuzipeza zomwezo pa msika wa ziboliboli ku Lilongwe. Zonunkhiritsa zakudya kagulani ku msika wa Darajani kumene amagula eni mudzi. Ndipo ponenerera, chonde, musachite ngati mukumenya nkhondo. Ife amene timalandira ma rand ndi mapaundi tikamalimbana ndi mayi wogulitsa pa kandalama kosakwana mtengo wa khofi mmodzi, sizioneka bwino.

Koma chinthu chimodzi m'mashopumo chili ndi mbiri yonse imene ndakambayi, ndicho nsalu. M'zaka za m'ma 1800 nsalu ndiyo inali ndalama ya m'njira. Sitima za ku Salem, ku Massachusetts, zinkabweretsa nsalu yoyera ya thonje imene Aswahili anaitcha merikani, kuchokera ku dzina la America, ndipo America inatsegula ofesi ya kazembe wake ku Zanzibar kale mu 1837. Thonje la nsaluyo linkalimidwa ndi akapolo a kumwera kwa America. Mitolo ya merikani inkasenzedwa pamutu mpaka ku nyanja yathu, n'kusinthanitsidwa ndi minyanga ndi anthu. Minyangayo ina inkathera ku Connecticut, m'matauni a Deep River ndi Ivoryton, kumene ankaicheka kupanga zipeso ndi makiyi a piyano. Inu amene mukumvera muli ku America, Ivoryton ilipo mpaka lero, mukhoza kupitako pa galimoto.

Akazi amene anali akapolo ku Zanzibar ankadziwika ndi kavalidwe. Ankavala kaniki, nsalu yakuda yotchipa, mutu uli pamtunda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunatchuka nsalu yatsopano yamaangamaanga, imene inayamba ndi amayi osoka pamodzi timipango tisanu ndi kamodzi. Anaitcha kanga, chifukwa madontho ake ankafanana ndi nthenga za mbalame ija ife timati nkhanga. Mawu ndi omwewo, ife tangowonjezera mphuno. Wolemba mbiri Laura Fair anafotokoza m'buku lake la Pastimes and Politics kuti ukapolo utatha, amayi omasulidwa anataya kaniki n'kuthamangira kanga. Mayi wobadwira ku Nkhotakota kapena kwa Mponda, amene anafika pa chilumbachi ali pa chingwe, akapeza ndalama yake yoyamba ankagula kanga ziwiri, ina m'chiuno, ina kufunda kumutu, kuti aliyense womuona mu msewu adziwe kuti ameneyu alibe mwini. Mafakitale a ku Netherlands ndi ku Manchester ankachita kupikisana kuti adziwe maluwa amene amayiwa akufuna chaka chimenecho.

Kanga amagulitsa ziwiriziwiri zolumikizana, mumakadula nokha kunyumba. M'munsi mwake mumakhala mawu a Chiswahili, ena achikondi, ena otonza mkazi mnzako, choncho musanagulire apongozi anu funsani wogulitsayo akumasulireni. Zambiri za masiku ano zimadindidwa ku India ndi ku Tanzania kumtunda. Dzina la fakitale limalembedwa m'mphepete. Akazi anga anagula mapeya atatu pa Darajani, imodzi ya madontho a nkhanga enieni, ndipo inapita kwa agogo awo ku Dwangwa.

Sabata yamawa tidzatsikira ku Kilwa, doko limene anthu a kwathu ankaonera nyanja yamchere koyamba.